Mipopi Inayi ya a Pyo

M'mudzi mwathu, kuseri kwa mapiri a kumpoto kwa Jecheon, munthu akasiya nyale ikuyaka dzuwa lili pamutu amamuuza kuti azimitse msanga a Pyo asadadutse. A Pyo Deok-chil adakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri chaka chatha. Mano ndi awo onse kupatula awiri, amayenda msana uli chilili, ndipo akamadutsa pakhomo pa mnzawo n'kuona mpopi ukudontha amalowa osaodira, n'kuumanga, n'kupitiriza ulendo wawo.

Kwa zaka makumi atatu adagwira ntchito pakasiteshoni kena ka m'chigwa, pomwe sitima zonyamula simenti ndi malasha zinkapatukirana. Udindo wawo udali wotsegulira sitima njira imodzi ndi kutseka zinzake zonse, ndipo m'zaka zonsezo palibe sitima yomwe idalowapo njanji yolakwika. Sadakhalepo mkulu wa siteshoni, koma anzawo a kuholo ya okalamba amawatcha a Siteshoni, ndipo iwo amayankha. Atapuma ntchito adabwera nayo kunyumba nzeru ya kunjanjiyo, poti munthu sataya panjira chinthu chomwe chamudyetsa moyo wonse.

Tisawanamizire umbombo. Pamaliro amafika woyamba n'kuchoka womaliza, ndipo maapozi a m'munda mwawo akapsa palibe khomo lomwe sililandirako. Chimene sapirira ndi chinthu chogwira ntchito popanda wochigwiritsa: nyale yowalira khoma, madzi othirira miyala, wailesi yolankhula ndi mipando.

Pomwe nzeru imeneyi idakhazikika kwenikweni ndi pansi pa sinki ya kukhitchini. Nyumba ya a Pyo, monga nyumba zonse kuno, imafunda kuchokera pansi. Boyila ya palafini ili m'kachisakasa kuseri kwa khitchini. Imatenthetsa madzi, madziwo n'kuyenda m'mapaipi okwiriridwa mu simenti ya zipinda, kenaka n'kubwerera kuboyila kukatenthedwanso. Pansi pa sinki paipi yaikulu imagawikana panayi, ndipo nthambi iliyonse ili ndi mpopi wake. Woyamba ngwa chipinda cha Bo-ram, mwana wawo wachisamba. Wachiwiri ngwa chipinda cha anyamata awiri. Wachitatu ngwa pabalaza. Wachinayi ngwa chipinda chachikulu chomwe amagona iwo ndi akazi awo, a Yeom Sun-rye.

A Pyo adakula akusenza nkhuni kuchokera kuphiri zosonkhezera moto wa pansi pa nyumba ya makolo awo. Kulemera kwa usiku umodzi wofunda amakudziwa, chifukwa adakunyamulapo pamsana. Choncho tsiku lomwe Bo-ram adakwera sitima kupita kukaphunzira ku Seoul, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, a Pyo adabwerako kusiteshoni, adagwada pasinki jekete asadavule, n'kutseka mpopi woyamba. A Sun-rye adawafunsa ngati sakadadikira kuti zofunda za mwana zizizire kaye. A Pyo adayankha kuti chipinda sichimva kuzizira, womva kuzizira ndi munthu. Kwa masiku awiri mayiwo adawaikira mpunga patebulo osanena kanthu.

Anyamata atapita kuusilikali n'kukapeza ntchito kutali, mpopi wachiwiri udatsekedwa. Wa pabalaza udatsatira, a Pyo atatulukira kuti munthu wovala masokosi awiri angathe kuonera wailesi yakanema popanda vuto. Udatsala umodzi, ndipo umodziwo udali ndi lamulo lake: boyila siyatsidwa chipale chofewa chisadagwe. Kufikira tsiku limenelo nkhalamba ziwirizi zinkagona pamphasa yamagetsi, yomwe a Pyo ankaizimitsa akangomva kuti mayi ayamba mkonono.

A Sun-rye adadandaula zaka zingapo, kenaka adaona kuti chipinda chozizira nachonso ndi chuma. M'chipinda cha Bo-ram mudalowa mabokosi a maapozi ndi matumba a mpunga. M'cha anyamata mudalowa tsabola wouma, adyo ndi nyemba. Ana akabwera pachaka chatsopano onse ankapanikizana m'chipinda chachikulu, poti a Pyo ankati kutenthetsa simenti yozizira chifukwa cha masiku awiri n'kutunga madzi ndi dengu. Bo-ram sankapitirira masiku awiriwo. Ankauza anzake a ku Seoul kuti kwawo nsomba siwola ngakhale utaiiwala pabalaza sabata yathunthu. Mawuwo atawapeza a Pyo adaseka nawo, koma sadawaiwale.

Mwezi wa Novembala chaka chino Bo-ram adabereka mwana wake woyamba, wamkazi, pachipatala china cha ku Cheongju, kwawo kwa mwamuna wake. Mwambo ngwodziwika. Wobereka amakakhala chikuta kwa amayi ake masiku makumi awiri ndi limodzi, atagona pansi potentha, akumwa msuzi wa ndere za m'nyanja m'mawa, masana ndi madzulo, mphepo osamukhudza ngakhale pachigongono. Akuti mafupa a mayi amakhala otseguka, ndipo kuzizira kukalowamo kumakhala momwemo mpaka ukalamba. A Sun-rye adali atagula kale ndere zazitali, zomwe adakwera nazo basi osazipinda, monga zimafunikira zikakhala za wobereka. Amayi awo adawachitira zimenezi katatu, ndipo iwo adadikira nthawi yaitali kuti abweze pa mwana wawo.

Koma apongozi a Bo-ram, mayi Seok, adali ndi ganizo lina. Iwo amakhala m'nyumba yosanja ku Cheongju komweko, momwe pansi pamafunda chimodzimodzi usana ndi usiku popanda wogwada pasinki. M'khonde la chipatala adauza a Pyo, ndi ulemu wonse wa pachisewere, kuti adamva zoti kumapiri mpweya ngwozizira bwino, makamaka wa m'nyumba. A Pyo adayankha kuti chipinda cha mwana wawo chikatenthedwa munthu angathe kukazingirapo dzira. Mayi Seok adati zimenezo n'zokondweretsa, ndipo Lachisanu adzaperekeza okha mayi ndi khanda kuti akalione dziralo. Pakadzapezeka pozizira, galimoto idzabwerera ndi onse omwe yabwera nawo, ndipo palibe amene adzakhumudwe.

Chomwe a Pyo ankachifuna sadachinene kwa munthu. Ankafuna masiku makumi awiri ndi limodziwo. Chichokereni, mwana wawo adali asadagonepo m'nyumbamo masiku atatu otsatizana, ndipo pa msinkhu wa Bo-ram chikuta chachiwiri sichidali chinthu choti munthu n'kuchidalira.

Lachitatu ndi Lachinayi adasamutsa maapozi ndi mpunga kupita m'chipinda cha anyamata, mayi akukolopa ndi kuchapa makatani. A Sun-rye adawapempha katatu kuti ayeseretu boyila, popeza chipale chidali chisadagwe ndipo boyilayo idali isadayakepo chichokere mwezi wa Malichi. Koma a Pyo adali ataiganizira kale nkhaniyo. Alendo afika 3 koloko masana, simenti imafunda m'maola asanu, choncho kuyatsa 7 koloko m'mawa n'kokwanira, n'kutsalanso maola atatu apadera. Kuyatsa Lachinayi kukadakhala kutenthetsera makoswe.

Lachisanu kudacha minda ili mbee ndi chisanu. A Pyo adagwada pasinki, adasuntha mabotolo a mafuta ndi viniga, n'kugwira mpopi woyamba. Chogwirira chake chidatembenuka mosavuta, ndipo iwo adakondwa kuona kuti chinthu chosungidwa bwino sichikalamba. Kenaka adachita zomwe manja awo adazolowera: atatsegula njira imodzi, adatseka inzake. Adamanga mpopi wachinayi, wa chipinda chawo chomwe, kuti dontho lililonse la madzi otentha lipite kwa Bo-ram. Adadzuka n'kukadina batani la pakabokosi ka pakhoma.

Kuseri kwa khitchini boyila idakhosomola n'kuyamba kulira bwinobwino. A Pyo adayang'ana akazi awo ndi nkhope ya munthu amene sadalakwepo. Patangopita kanthawi boyila idati zii, ndipo pakabokosi kanyale kofiira kadayamba kuphethira.

Adayamba ndi zoyambira, mwadongosolo, monga adaphunzirira kunjanji. Palafini adalimo, kachubu koonekera ka m'mbali mwa thanki kankasonyeza kuti adafika m'mawondo. Pulagi idali m'malo mwake, ndipo magetsi adalipo, poti mpunga unkapsa m'poto wake wamagetsi. Madzi m'boyila adali okwana. Adadinanso batani. Idalira kanthawi kochepa kuposa poyamba, n'kuzima. Adamasula kasikuluwu ka papaipi ya palafini kuti mpweya utuluke, palafini n'kuwathira m'manja mwa malaya. Adatulutsa kadiso komwe kamayang'ana lawi la moto, adakapukuta ndi sokosi, n'kukabwezera. Ulendo wachitatu boyila idangoti fuu kamodzi. Ulendo wachinayi sidayankhe n'komwe.

A Sun-rye, omwe adali atanyika kale ndere m'beseni, sadanene kuti adanena. Adangofunsa nthawi, ndipo patapita kanthawi adaifunsanso.

Buku la malangizo lidapezeka pansi pa mwendo wa kabati, pomwe lidakhala likugwira ntchito yotamandika kwa zaka zambiri. Tsamba lofotokoza za kanyale kofiira lidalibemo. A Sun-rye adavomera kuti mwina ndi lomwe adakulungiramo mbewu za nkhaka. A Pyo adaimba foni kukampani. Atamvera nyimbo kwa nthawi yaitali, mtsikana wina waulemu adawauza kuti chisanu choyamba chadzutsa chigawo chonse tsiku limodzi, ndipo mmisiri angathe kubwera Lolemba.

Apa a Sun-rye adatchula dzina la a Bong Chang-sik, omwe amakonza mathirakitala ndi mapampu kumapeto kwa mudzi. A Pyo adakana. A Bong ndi mnzawo wa kuubwana, wocheperapo ndi zaka ziwiri, ndipo chilichonse chomwe aona m'mawa chimafika kuholo ya okalamba chakudya chamasana chisadapse. A Pyo adati vuto lili m'chumuni, mwina mpheta zamangamo chisa, ndipo adakatenga makwerero.

Ali pamwamba, mkono uli m'chumuni kulekeza m'chigongono, foni idalira m'thumba. Adali Bo-ram.

"Bambo, tatsala pang'ono kutuluka. Pansi payamba kufunda?"

"Kufunda kukubwera."

"Kukubwera kuchokera kuti?"

"Iwe vala zokwanira. Mwana wayamwa?"

Bo-ram adatsitsa mawu n'kunena kuti apongozi ake alongedza zikwama m'njira yoti zisavute kubwerera nazo. "Ine ndikufuna kubwera kwathu, bambo," adatero. "Musandichititse manyazi."

M'chumuni mudalibe chisa. Potsika adapeza a Bong ataima patsinde pa makwerero, manja ali m'matumba. A Sun-rye adali atawaimbira pomwe amuna awo ankakwera.

"Achimwene, mukuona chiyani kumwambako? Sitima ikubwera?"

"Wakuitana ndani iwe?"

"Alamu anga. Akuti mwayamba kuphwasula nyumba kuyambira kudenga, ndiye ndati ndidzatoleko malata."

A Bong sadabwere ndi chida chilichonse. Adamvetsera mndandanda wa zonse zomwe a Pyo adayesa, akugwedeza mutu ngati dokotala womvera wodwala amene wadzimwetsa kale mankhwala a mitundu isanu ndi umodzi. Kenaka adalowa m'kachisakasa n'kuuza a Pyo kuti akadinenso batani. Boyila, yomwe idali itapuma nthawi yonse ya makwerero, idavomera n'kulira. A Bong adagwira paipi yotuluka, ndipo posakhalitsa adachotsa dzanja msanga. Adagwira yobwerera, n'kulisiya pomwepo kufikira boyila idazimanso. Yoyamba idali yootcha, yachiwiri yozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Adafotokoza kuti boyila ilibe matenda. Ikuyaka, ikutenthetsa madzi, koma madziwo akusowa kolowera. Akatentha mopitirira, iyo imadzizimitsa yokha kuopa kuphulika, ndipo siyakanso kufikira itazizira. Adaonjeza kuti pakhomopo chokhacho chomwe chaganiza bwino chichereni ndi boyilayo.

A Pyo adati njira ilipo, poti adaitsegula okha ndi manja awo. Onse atatu adapita kukhitchini. A Bong adagwada movutikira, adakankha chogwirira cha mpopi woyamba ndi chala chimodzi, ndipo chidazungulira chokha ngati gudumu la njinga yopachika. Adachizula n'kuwapatsa a Pyo m'manja. Chidali chitadyeka mkati, ndipo chinkangovina pamwamba pa kachitsulo komwe kamatsegula mpopi. Kachitsuloko kadali katamera dzimbiri, kali nji momwe kadasiyidwira.

"Mudautseka liti umenewu?"

A Sun-rye adayankha m'malo mwa a Pyo, chaka, mwezi ndi mtundu wa jekete.

"Ndiye lero mwatsekanso wachinayi," a Bong adatero. "A Siteshoni, njanji zonse zinayi mwatseka, inu n'kukwera padenga kukafufuza chomwe sitima yaimira."

Adayesa ndi pulayala. A Sun-rye adabweretsa mafuta a chitowe omwe adayengetsera Bo-ram, adadonthezapo madontho atatu, khitchini yonse n'kununkhira ngati paphwando. Kachitsulo sikadasunthe. A Pyo adatenga hamala, koma a Bong adawagwira mkono. Kakathyoka, madzi onse a pansi pa nyumba atulukira m'khitchini, ndipo sipakhala chipinda chofunda ngakhale chimodzi. Mpopi watsopano ngwokagula ku Jecheon, ndipo pouika pafunika kukhuthula mapaipi onse, ntchito ya tsiku lathunthu. Nthawi idali ikuyandikira 12 koloko.

A Pyo adakhala pansi pomwepo, chogwirira chili m'manja. Adanena motsitsa kuti iwo adalonjeza chipinda cha mwana.

"Mwana akufuna pofunda, bambo ake Bo-ram, sakufuna khoma lomwe adamatapo zithunzi," a Sun-rye adatero. "Tsegulani wachinayi. Agona mwathu."

Adatsegula. M'mapaipi mudamveka kulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Atadikira kuti boyila izizire, a Bong adakadina batani, ndipo onse atatu adaima chilili kuyembekeza kuti izime. Sidazime. A Bong adapita kukagwira paipi yobwerera, ndipo patapita nthawi adafuulira kuchokera m'kachisakasa kuti yayamba kuonetsa moyo.

A Pyo adayamba kubwezera mabotolo m'malo mwake, koma akazi awo sadachoke kumbuyo kwawo. Adafunsa ngati Bo-ram azidzauluka popita kuchimbudzi, poti njira yake ndi ya pabalaza. Adafunsanso kuti asewere akavula nsapato pakhomo, phazi lawo liyamba kuponda pati. A Pyo adatsegula wachitatu. Kenaka mayiwo adafuna kudziwa komwe iwo awiri akagone atapereka chipinda chawo, osatchulanso mkamwini. A Pyo adati mphasa yamagetsi ilipo. A Sun-rye adati mphasayo akaiyale m'kachisakasa, agone pafupi ndi mnzawo woganiza bwino uja. A Pyo adayang'ana a Bong kufuna wowaikira kumbuyo, koma a Bong adali kalikiliki kusenda apozi. Wachiwiri udalimba, udalira, koma udatseguka.

Kuona apoziyo m'manja mwa a Bong n'komwe kudawakumbutsa. Mabokosi ndi matumba omwe adawasamutsa kwa masiku awiri adali tsopano pasimenti yomwe idayamba kufunda, ndipo chipinda chozizira chokha m'nyumba monse chidali cha Bo-ram, chokolopedwa bwino, makatani ali ochapa. Zonse zidabwerera komwe zidachokera, ndipo tsabola, adyo ndi nyemba zidatsagana nazo. A Bong adanyamula bokosi limodzi, adadandaula msana, n'kutsanzika. A Pyo adawaona pazenera akusiya njira ya kwawo n'kukhotera kuholo ya okalamba.

A Sun-rye adayala zofunda zochindikala m'chipinda chachikulu kuti kutentha kusathawe. A Pyo adapotoza kabokosi kufika panambala yomaliza, yomwe adali asadaionepo chigulireni boyilayo. Chakudya chamasana adadya ataimirira, ndipo pakangopita mphindi zochepa ankasiya supuni n'kukalowetsa dzanja kunsi kwa zofunda. Simenti yomwe yagona m'chisanu siithamangitsidwa. Pa 1 koloko padali ngati palibe chachitika. Pa 2 koloko padali ngati pomwe pangochoka mphaka. Galimoto itaima pabwalo, padali ngati pamphumi pa mwana wosadwala.

Mkamwini adatsika ndi chikwama chimodzi chokha. Bo-ram adali atakulungidwa kulekeza m'maso, ndipo khanda lidali m'manja mwa mayi Seok. Mayiwo adavula nsapato, adaponda pabalaza, n'kuima pang'ono ngati munthu woyesa madzi asadawoloke. Malonje adachitika ndi kuwerama konse koyenera. Kenaka adapereka khanda kwa a Sun-rye, adalowa m'chipinda chomwe adawalozera, adagwada, n'kulowetsa dzanja kunsi kwa zofunda, poyamba pakati, kenaka pafupi ndi khomo, pomaliza pakona ya kuzenera.

"Asewere," adatero osatukula mutu, "dzira lija mukazingira pena?"

Adafunsanso chifukwa chomwe mwana akugonekedwera m'chipinda cha makolo, pomwe kuchipatala kudatchulidwa chipinda chake. A Sun-rye adayamba kunena za dzuwa la m'mawa lomwe limalowa bwino m'chipinda chachikulu, koma amuna awo adawadula.

"Mpopi wa chipinda chake ndidautseka tsiku lomwe adachoka pakhomo pano. Lero wakana kutseguka. Kulakwa ndi kwanga, asewere. Boyila ndayatsa mochedwa, koma sindiizimitsanso."

Bo-ram adatsitsa mpango womwe udamphimba pakamwa. Adayang'ana bambo ake, malaya onunkha palafini, mwaye uli kuchigongono, n'kufunsa kuti mipopi yatsegulidwa ingati. Atamva kuti itatu, adatembenukira kwa mwamuna wake n'kumuuza kuti alembe tsikulo penapake, mwana adzawerenge akadzakula. Kenaka, osadikira chigamulo cha wina aliyense, adadzigoneka pazofunda.

Mayi Seok adati zikwama zotsalazo zikhale kaye m'galimoto. Aona akatha kudya. Adakhala pansi pambali pa mpongozi wawo. Msuzi wa ndere udabwera, wophika ndi nyama ya ng'ombe, ndipo adaulawa ndi nkhope ya woweruza, n'kuvomereza kuti mchere wakwana. Adafunsa komwe ndere zidagulidwa, ndipo atamva kuti zidabwera osapindidwa adagwedeza mutu kamodzi. Nthawi yonseyi simenti inkagwira ntchito yake mwakachetechete. Mayi Seok adasintha kakhalidwe. Patapita kanthawi adatambasula mwendo wamanzere, womwe umawavuta m'chiuno. Kenaka adavula juzi n'kuipinda. A Pyo adakhala pabalaza ndi mkamwini, akukamba za msewu ndi za mitengo ya maapozi, khutu limodzi lili kuchipinda, linzake kuboyila, yomwe inkalira kosalekeza ngati ikubweza zaka zonse zomwe idamanidwa.

Pofika 5 koloko mayi ndi khanda adali m'tulo, thukuta lili pamphumi pa Bo-ram. Mayi Seok adalowetsanso dzanja kunsi kwa zofunda, ndipo ulendo uno sadalichedwetse. Adatuluka pabalaza n'kuuza mwana wawo kuti atsitse zikwama zonse.

Adaonjeza kuti mawa abwerere ku Cheongju akawatengere zovala zawo ndi mankhwala a m'chiuno. Asewere aakazi sangathe okha kusamala mayi ndi khanda, ndipo kunena zoona, pansi pa nyumba yosanja sipafika pomwe pafika apa. Chiuno chawo chidali chisadamasukepo chotere chichokere chilimwe. Chipinda cha anyamata chiwakwanira iwo ndi asewere aakazi, abambo awiri angathe kugona pabalaza. Adali ndi pempho limodzi lokha, kapena awiri. Pa nthawi yosambitsa mwana pazitentha kuposa pamenepa, ndipo m'mawa uliwonse mazenera a pabalaza azitsegulidwa kanthawi kuti mpweya usinthe, boyila ili chiyakire.

Walira mvula walira matope. A Pyo adawerama n'kunena kuti ndi ulemu waukulu.

Adasuzumira m'chipinda chachikulu. Bo-ram adali atakankha zofunda ndi phazi, monga ankachitira ali wamng'ono, ndipo amayi ake ankamufundikanso. A Pyo adabweza chitseko pang'onopang'ono, adavala nsapato n'kutuluka panja ndi foni. Adaimbira wogulitsa palafini wa kumsewu waukulu, yemwe adawazindikira mawu n'kufunsa ngati ndi theka la dilamu monga mwa chaka chilichonse.

"Dzazani thanki."

Wogulitsayo adadabwa. "Ndi a Pyo amene ndikulankhula nawo?"

"Ndine ndemwe. Mubwere mawa m'mawa."

"Pepani, akulu. Watisiya ndani?"

"Palibe. Mwana wabwera kwawo," adatero a Pyo. "Pakatha masiku khumi mudzabwerenso."